Tsiku limodzi ku Dzalanyama: nkhanu, masuku ndi utsi wa makala

Ife a ku Msundwe tikati tikapume, maganizo amathamangira ku Senga Bay. Koma transipoti ya anthu asanu mpaka ku Salima si masewera. N'chifukwa chake Loweruka lina mu Novembala tinasankha malo apafupi: nkhalango ya Dzalanyama, mapiri aja timawaona kum'mwera kukacha bwino.

Tinalipo ine, bambo a kunyumba, ana athu awiri ndi amalume, amene anatenga galimoto. Msewu ndi wafumbi, ndipo tisanafike n'komwe tinakumana ndi njinga zakapalasa zitasenza matumba a makala, atatuatatu, zikulowera ku tauni.

Dzalanyama inakhazikitsidwa kukhala nkhalango yotetezedwa mu 1922. Kukula kwake ndi mahekitala pafupifupi 99,000, ndipo mapiri ake achita malire ndi Mozambique. Mukangolowamo, kamphepo kamasintha. Mitengo ya mombo ndi tsamba inali itaphuka kale ngakhale mvula inali isanagwe. Masuku ndiye anali mbwee pansi. Anawo anadzaza matumba a makabudula mpaka kuyenda motang'adza.

Titakwera kwa ola limodzi tinatsikira ku kamtsinje koyenda pathanthwe. M'chilimwe madzi amachepa, n'kusiya timaiwe m'maenje a miyala. Apa ndi pamene mafoni analowa m'thumba, poti netiweki nayo inali itatsanzika. Mtsikana wathu anavundukula mwala, nkhanu n'kutuluka ikuthawa cham'mbali. Mchimwene wake anagona chafufumimba kuonerera atombolombo ndi tizilombo toyenda pamwamba pa madzi osamira.

"Iwe, bwezera mwalawo mmene unalili," anatero amalume. "Ndi nyumba ya mwini imeneyo."

Tikudya chigumu ndi mbatata yootcha, amalume anafotokozera ana za Kaphirintiwa, malo a m'mapiri omwewa. Makolo achichewa amati kumeneko ndi kumene anthu oyamba, mwamuna ndi mkazi, anatsikira ndi mvula atanyamula khasu, lichero ndi mtondo, ndipo mapazi awo anadinda pathanthwe lisanaume.

"Agogo, nanga madziwa akupita kuti?" anafunsa mnyamata uja.

Yankho lake ndi lalikulu. Mtsinje wa Lilongwe umayambira ku Dzalanyama, n'kukadzaza madamu awiri a Kamuzu ku Malingunde, komwe Lilongwe Water Board imadalira. Wotsegula mpopi ku Area 25 kapena ku Kawale akumwa za m'mapiri amenewa. Mitengo ikatha, mvula simalowa pansi: imakokolola dothi kukakwirira madamu, ndipo mitsinje imaphwa msanga. Zinafika poti mu 2015 boma linatumiza asilikali a Malawi Defence Force kukalondera nkhalangoyi.

Pobwerera tinadutsa pamalo pongotsala zitsa, ng'anjo ya makala ikufuka. Wootchayo akusaka ya chimanga ndi fizi, wogulayo akuti magetsi ndi gasi n'zodula. Onse ali ndi chifukwa, koma mtengo wa mombo umatenga zaka zambiri kuti ukule, pamene thumba la makala silitha mwezi.

Mukafuna kupita, nyamukani m'mamawa, valani nsapato zogwira chifukwa thanthwe lonyowa limaterera, ndipo yendani ndi munthu wodziwa njira. Tengani madzi akumwa okwanira. Mapepala ndi mabotolo mubwerere nazo, moto musasonkhe. Ndipo ana musawasiye kunyumba: ndi iwowa adzagamule ngati timaiwe timeneti tidzakhalepobe.