Pang'onopang'ono ndi Mtolo: Phunziro la Makadi a M'foni

Adzukulu anga, ndi inu nonse okonda miyambi ya makolo athu, lero ndiyamba ndi nkhani imene idandichititsa manyazi.

Chaka chatha ndidaitanidwa ku chinkhoswe cha mwana wa mlongo wanga kuti ndikalankhule monga mwinimbumba. Nditaimirira ndidayamba mwambi umene ndakhala ndikuunena kuyambira ndili mnyamata. Ndidati, "Ichi chakoma, ichi chakoma," kenaka m'mutu mudangoti zii. Adandipulumutsa ndi mayi wina wokhala pamphasa amene adamaliza kuti, "pusi adagwa chagada." Anthu adaseka poyesa kuti ndachitira dala, monga achitira mphunzitsi m'kalasi. Koma ine ndidadziwa kuti nkhokwe yayamba kudontha. Ndili ndi makope asanu a miyambi ndi zining'a zimene ndidatola kwa akuluakulu m'midzi imene ndidaphunzitsamo. Mwambi wa m'kope suweruza mlandu pabwalo. Umafunika ukhale pakamwa.

Mdzukulu wanga wamkazi amene akuphunzira unamwino atamva izi adati, "Agogo, bweretsani foni yanu." Adaikamo pulogalamu yotchedwa Anki, imene iye amalowezera mayina a mankhwala. Adaipanga ndi Damien Elmes m'chaka cha 2006, ndipo dzinalo ndi liwu la Chijapani lotanthauza kuloweza. Patchuthi chonse mwanayo adakhala akulemba miyambi yanga m'makadi: kumaso theka loyamba la mwambi, kumbuyo mathero ake ndi tanthauzo.

Nzeru yake siidali yachilendo kwa ine. Ku koleji ya aphunzitsi tidamva za Hermann Ebbinghaus wa ku Germany, amene mu 1885 adaonetsa kuti munthu amaiwala msanga zimene wangophunzira kumene, koma akazibwereza patapita nthawi zimakhalitsa. Mu 1972 Sebastian Leitner adafalitsa njira ya makadi a pepala oikidwa m'zigawo za bokosi, ndipo mu 1987 Piotr Woźniak wa ku Poland adaika nzeruyi m'kompyuta. Kadi imene wayankha bwino imabweranso mawa, kenaka patapita masiku angapo, kenaka milungu, kenaka miyezi. Imene walephera imabwerera pafupi. Makolo adanena kale kuti mawu a akuluakulu akoma akagonera.

Tsono apa ndi pamene ndidalakwa. Pulogalamuyi imayamba ndi makadi atsopano 20 patsiku. Ine ndidati, munthu amene ndidayendetsa sukulu zaka zambirimbiri ndingalephere miyambi yangayanga? Ndidakweza kufika pa 60. Masiku oyamba zidakoma. Chimene sindidaganizire ndi chakuti kadi yatsopano iliyonse ndi ngongole imene idzabwera kudzalonjerera kangapo. Amene adapanga pulogalamuyi amachenjeza kuti wophunzira makadi 20 tsiku ndi tsiku ayembekezere kumabwereza pafupifupi 200 patsiku. Ine chenjezoli sindidalifunse, ndipo safunsa adadya phula.

Sabata yachiwiri kudagwa maliro kumudzi. Ndidakhalako masiku asanu ndi limodzi, ndipo munthu wamkulu sangamatokose foni pasiwa. Pobwerera ndidapeza makadi oposa 500 akundidikira. Ndidaika foniyo m'kabati, osaikhudza kwa masiku atatu, ndipo muluwo udangokulirakulira. Kunena zoona, ndidatsala pang'ono kuisiyiratu.

Usiku wina ndidakumbukira munda wa malemu bambo anga. Iwo sankadzala zonse tsiku limodzi. Chimanga chinkayamba ndi mvula yoyamba, mtedza pambuyo pake, mbatata mochedwerapo. Ankati wodzala zonse lero adzapalira zonse tsiku limodzi, ndipo udzu sudikira munthu. Ndidakumbukiranso chaka changa choyamba monga mphunzitsi wamkulu, pamene aphunzitsi onse ankapereka mayeso Lachisanu. Ana ankafika Lachisanu atatopa, aphunzitsi n'kusenza mitolo ya makope kupita nayo kunyumba, chonsecho Lachiwiri lidali lopepuka. Tidakhala pansi n'kugawa: masamu Lachiwiri, Chichewa Lachitatu, Chingerezi Lachinayi. Ntchito siidachepe ngakhale pang'ono, koma idasiya kuthyola anthu msana.

Nditamuimbira mdzukulu wanga, adaseka nati, "Agogo, zimene mukunenazo zilimo kale." Adandifotokozera motere. Kuyambira kale pulogalamuyi imasuntha pang'ono tsiku lobwerera kadi, kuti makadi ophunziridwa pamodzi asamangoyenda pamodzi ngati nkhosa. Kadi yoyenera kubwera patapita masiku 30 ikhoza kubwera masiku ngati atatu msanga kapena mochedwa, popeza mwambi umene wakhala m'mutu mwezi wathunthu suthawa chifukwa cha masiku awiri. Kale tsikulo linkasankhidwa mwamwayi chabe. Koma kuyambira kumapeto kwa 2024 pulogalamuyi imayang'ana masiku oyandikanawo n'kukondera tsiku limene lili ndi katundu wochepa. Adaonjezamonso gawo lotchedwa Easy Days, limene munthu amasankhira tsiku la pasabata loti lizikhala lopepuka. Ine ndidasankha Lamulungu.

Koma adandichenjeza kuti kugawa kumeneku kumakhudza makadi amene ukuyankha lero poyang'ana kutsogolo. Sikufafaniza ngongole yakale, ndiponso makadi atsopano amene amabwerera mawa kapena mkuja alibe malo osunthira. Mulu wanga uja udafunika manja anga. Choncho ndidatseka makadi atsopano onse. M'mawa uliwonse ndikamwa tiyi ndinkayankha 50, madzulo dzuwa litapendeka enanso 50. Patatha milungu itatu munda udayera. Lero ndimalandira makadi atsopano asanu okha patsiku, ndipo obwereza sapitirira kwenikweni 50. Ndimamaliza tiyi asanazizire.

Pali ena amene adzati miyambi siyoloweza ngati matebulo a masamu, ndipo akunena zoona. Ife tidaiphunzira pabwalo ndi pamoto madzulo, poimva ikugwira ntchito pa milandu yeniyeni. Koma taganizirani mmene agogo athu ankachitira. Sankatikhazika pansi n'kutithira miyambi zana usiku umodzi. Ankaponya umodzi lero ukaba ndiwo mumphika, n'kudzaubwerezanso mwezi wamawa ukachita ulesi kudimba. Ankadziwa nthawi yobwereza ndiponso muyeso wa katundu amene mutu wa mwana ungasenze. Foni yangotenga ntchito yowerengera masiku. Nzeru yake ndi yakale.

Kwa inu adzukulu amene mukukonzekera mayeso a MSCE kapena a ku koleji, malangizo anga ndi awa. Musayese mphamvu zanu ndi tsiku limene muli osangalala. Ziyeseni ndi tsiku limene mwatopa, kapena kwabwera alendo, kapena magetsi azima. Katundu amene mungasenze tsiku loterolo ndiye muyeso wanu. Mukaona kuti obwereza achuluka, chepetsani atsopano, chifukwa gwero la mtsinje lili komweko. Mukadziwa kuti kukubwera ulendo, lekani atsopano kudakali masiku. Ndipo mukagwa monga ndidagwera ine, musabise foni m'kabati: zengerezu adalinda kwawukwawu.

Mwezi wathawu ndidaitanidwanso kukalankhula, ulendo uno pa mlandu wa malire a munda pakati pa abale awiri. Mwambi umene ndidaufuna udabwera wokha, wathunthu, pa nthawi yake. Pobwerera kunyumba ndidayankha makadi anga a tsikulo, 43, ndili pakhonde.

Kuthamanga sikufika, adzukulu anga. Amene ali ndi mwambi wa kwawo umene sindidaulembe, adzanditulire pobwera kudzacheza. Ndidzaulandira pamodzi ndi anzake anayi a tsiku limenelo. Tsalani bwino.