Usathawe ntchito ya zithunzi, mphwanga

Wokondedwa Tiyamike,

Amayi ako andiuza kuti wayamba kukayikira za radiology, ati anzako a ku University of Toronto akukuopseza kuti ntchito yowerenga zithunzi za m'thupi ikutha, makompyuta ailanda. Ndati ndikulembere, poti nkhani yake ndi yaikulu kuposa ya pafoni.

Manthawo anabadwira konko kwanu. Mu 2012, Geoffrey Hinton ndi ophunzira ake awiri, Alex Krizhevsky ndi Ilya Sutskever, anaonetsa kuti kompyuta ingaphunzitsidwe kuzindikira zili pa chithunzi mwaluso limene anthu sankaliyembekezera. Kenaka mu 2016, pa msonkhano wina mu Toronto momwemo, Hinton ananena kuti kuphunzitsa madokotala a zithunzi kulekeke, popeza pakutha zaka zisanu makina adzakhala atawaposa. Mkuluyu si munthu wamba, analandira mphotho ya Nobel mu 2024, ndipo ndimamulemekeza. Komatu zaka zisanuzo zinakwana mu 2021, ndipo mpaka lero odwala mu Ontario akudikira nthawi yaitali kuti aunikidwe pa MRI. Mu October 2024 boma la chigawocho linalola amayi oyambira zaka 40 kukaunikitsa mawere popanda kalata ya dokotala. Zithunzi zikungochuluka, owerenga ndiwo akuperewera.

Ine ndinali wojambula chabe, sindinali dokotala, koma ndagwira ntchito ndi madokotalawo zaka zambiri ku Scarborough, mu Toronto momwemo, ndipo ndinaona chimene amachita. Chithunzi sichibwera chokha, chimabwera ndi mwini wake. Pafupifupi theka la anthu a mu Toronto anabadwira kunja kwa Canada. Tinkalandira agogo ochokera ku Sri Lanka, ku Philippines, ku Somalia, ambiri ali ndi zipsera m'mapapo za chifuwa chachikulu chimene anadwala ali anyamata. Kompyuta izungulira malowo ndi mzere, n'kunena kuti pali vuto. Sinaname. Koma kodi ndi chipsera chakale, matenda odzukanso, kapena khansa yoyamba kumene? Dokotala wabwino ankafukula chithunzi cha zaka zam'mbuyo, kuziika pamodzi, kuimbira amene watumiza wodwalayo, kufunsa ngati thupi likutsika kapena akutuluka thukuta usiku. Zikavuta ankavala magolovesi, kulowetsa singano pang'onopang'ono maso ali pa sikirini, n'kutapa kanyama kokayeza, uku akumulankhula wodwala kuti asanjenjemere. Ntchito imene ukufuna kuithawa ndi imeneyo.

Sindikuti uwanyoze makinawo, ayi. Uwaphunzire kuposa anzako onse. Vector Institute, imene imafufuza za makinawa ndipo inatsegulidwa mu 2017, ili pafupi ndi sukulu yako. Pakakhala zokambirana zotseguka uzipita. Udziwe kuti pulogalamu iliyonse inaphunzira pa zithunzi za anthu ati, zojambulidwa ndi makina otani, chifukwa imene imakhoza pa chipatala china imatha kuphonya pa china. Chimene ndimaopa ine ndi ulesi. Usiku watopa, zithunzi zadzaza, kompyuta yati zonse zili bwino, iwe n'kungosaina osayang'ana m'ngodya. Dzina lolembedwa pansi pa lipotilo ndi lako, ndipo wodwala akadzabwera chotupa chitakula, wokayankha ndiwe. Uziyamba wawerenga wekha, kenaka uone zimene makina anena.

Ukumbukirenso kuno kwathu, kumene madokotala a zithunzi ndi owerengeka. Kuno makinawa akufika pamene panalibe munthu. Mu 2021 bungwe la WHO linavomereza kuti kompyuta iziwerenga X-ray ya pachifuwa pofufuza TB, ndipo njirayi inayesedwa ku Bangwe mu Blantyre. Ku chipatala cha Queens, MRI inafika mu 2008, ndipo ndi imene inathandiza dokotala wofufuza Terrie Taylor ndi anzake kuonetsa mu 2015 kuti ana ambiri omwalira ndi malungo a m'bongo amafa chifukwa ubongo umatupa kwambiri. Ana athu ankamwalira chomwecho kuyambira kale, koma pankasowa poonera. Chithunzi chojambulidwa ku Zomba lero chingawerengedwe ku Toronto tsiku lomwelo pa intaneti. Ukadzamaliza, luso lako lidzatha kufika kuno kwathu ngakhale usanakwere ndege.

Ojambula a konko uziwapatsa ulemu. Ambiri anaphunzira ku Michener Institute, ndipo amadziwa kugoneka munthu wothyoka chiuno popanda kumuliza. Chithunzi chikajambulidwa mokhota, ngakhale kompyuta kapena dokotala sangachiwongole. Uziwafunsa, adzakuphunzitsa zimene sizili m'mabuku.

Zaka zisanu za residency, maphunziro a ukatswiriwo, ndi zambiri, ndikudziwa, ndipo pali ngongole ya sukulu. Usanasankhe, pempha ukakhale milungu ingapo m'chipinda chowerengera zithunzi, umve mafoni amene amalira mmenemo ndi mafunso amene amafunsidwa. Ukatero undilembere zimene waona. Azakhali ako akupereka moni, ati uzivala zofunda.

Ndine malume ako,
ku Zomba