Kuchokera ku Mapiri a Mutare Kukafika ku Chipululu cha Mchere

Mzinda wa Mutare uli pakati pa mapiri obiriwira kum'mawa kwa Zimbabwe, kufupi ndi malire a Mozambique. Munthu woima pa Christmas Pass n'kuyang'ana nkhungu ikutsika m'zigwa sangaganize kuti msewu wochoka mumzindawu kulowera kumwera umafika kudziko la fumbi ndi ludzu. Msewu umenewu ndi umene tinatsata m'nyengo yachilimwe, pa mdipiti wa galimoto zokoka makalavani ogonamo, ulendo wa ku Makgadikgadi m'dziko la Botswana.

Ulendo wa pagulu uli ndi malamulo ake. Patsogolo pamakhala wodziwa njira, pambuyo pamakhala wonyamula zingwe zokokera ndi zitsulo zokonzera galimoto. Dalaivala aliyense amayang'anira galimoto ya kumbuyo kwake: ikapanda kuoneka, amaima. Motero wina akaphulitsa tayala, mdipiti wonse umaima pawokha popanda woimba lipenga. Tisananyamuke, mtsogoleri anawerenga zigubu za madzi ndi za mafuta za banja lililonse, ndipo wochepekedwa ankabwezedwa kukawonjezera.

Titangotsika m'mapiri, mitengo ya paini inatha, milambe inayamba. Ichi ndi chigwa cha Save, kumene mvula kawirikawiri sipitirira mamilimita 500 pachaka. M'mbali mwa msewu amayi amagulitsa malambe ndi mikeka yoluka ndi luzi la makungwa a mlambe. Mitengo yambiri ili ndi zipsera za kusendedwa, umboni wakuti chimanga chikakanika, banja limathawira ku mlambe. Koma pa Nyanyadzi maso amapumula. Pamenepa pali sikimu ya ulimi wothirira imene inayamba mu 1934 motsogozedwa ndi Emory Alvord, ndipo kufikira lero alimi amalima nyemba, tomato ndi chimanga pakati pa tchire louma. Mdani wawo wamkulu ndi mchenga umene umatsika ndi madzi kuchokera kumtunda n'kutseka ngalande. Wodula mitengo kuphiri amasowetsa chakudya mlimi wa kuchigwa amene sanamuonepo.

Patsogolo pang'ono tinawoloka mtsinje wa Save pa mlatho wa Birchenough, umene unamalizidwa mu 1935. Uta wake wachitsulo ndi wotalika mamita 329 popanda mzati pakati. Pansi pake mtsinje unali mchenga wambiri, madzi pang'ono. Kuchoka apo tinadutsa Masvingo, Bulawayo ndi chipata cha Plumtree, n'kulowa Botswana kudzera ku Francistown.

Alimi a ziweto angachite chidwi ndi zipata za azaumoyo wa zinyama za m'dzikoli. Pofuna kuteteza ng'ombe ku matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi, boma linamanga mipanda yaitali, ndipo pazipata zina apaulendo saloledwa kudutsa ndi nyama yaiwisi. Mlendo amadandaula, koma mwini khola amadziwa kuti nthendayi ikalowa, misika imatsekedwa.

Makgadikgadi ndi pansi pa nyanja yaikulu imene inaphwa zaka zikwi zambiri zapitazo. Chatsala ndi bwalo loyera la mchere, lopanda mtengo, lopanda chulu, lofika kumene maso amathera. Pamwamba pake ndi pouma, koma pansi pali dothi lonyowa lomata ngati phala. Galimoto yokoka kalavani ikapatuka m'njira imatitimira mpaka m'mimba, ndipo kuitulutsa kumafuna makasu, matabwa ndi manja a anthu onse. N'chifukwa chake tinachepetsa mpweya m'matayala ndi kuyenda m'mapazi a galimoto ya patsogolo, motalikirana kuti ziwiri zisatitimire pamodzi. Apa mpamene mwambi wakuti mutu umodzi susenza denga umasiya kukhala mawu a pamsonkhano.

Tinagona pa Kubu, chilumba cha miyala ndi milambe yakale m'mphepete mwa Sua Pan, pamene palinso mpanda wamiyala womangidwa ndi anthu akale. Malowa amayang'aniridwa ndi bungwe la anthu a m'mudzi wa Mmatshumo lotchedwa Gaing O Community Trust, ndipo alendo amalipira kwa iwo. Palibe mpopi, palibe chitsime. Madzi otsukira mbale tinkawasunga kuti tizimitsire moto, ndipo kusamba kunali kwa kansalu konyowa. Usiku kunkazizira kwambiri, masana dzuwa linkawala kuchokera kumwamba ndi pansi pomwe.

Dziko la Botswana linatcha ndalama yake pula mu 1976, ndipo mawuwa amatanthauza mvula. Ife a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe tinamva tanthauzo lake mu 2024, pamene chilala cha El Niño chinachititsa maboma onse atatu kulengeza za ngozi yadzidzidzi. Alangizi ndi makomiti a m'midzi angatengeko nzeru ku mdipiti wa m'chipululu: kuwerenga madzi ndi chakudya nyengo isanavute, kugwirizana malamulo pamene mitima idakali m'malo, ndi kudziwa banja limene lingatsalire m'mbuyo. Pakomiti ya mjigo kapena ya sikimu, ntchito imeneyi iyenera kuyamba zokolola zikangolowa m'nkhokwe, osati mu Januwale nkhokwe zitagona.