Ndowa ya konkire pamwamba pa mitu yathu

Tchuthi chapitachi ndinachoka kwathu ku Dowa kupita ku Lilongwe kukagula mabuku a sukulu. Nditamaliza, ndinaima ku City Centre pafupi ndi pomwe akumanga nyumba yosanja, n'kumaonerera kireni ikukweza zitsulo. Ndinataya ola lathunthu, ngati mwana woona ndege koyamba.

Chimene chinandigwira mtima si kutalika kwa makinawo ayi, koma dongosolo lake. Pansi pomwe katundu amadutsa anatchingapo ndi tepi yofiira, ndipo panalibe woimapo. Woyendetsa kireni amamvera munthu mmodzi yekha, bambo wina wovala helemeti amene amalankhula naye ndi manja. Mlonda wa pageti anandiuza kuti malire a kulemera kwa katundu analembedwa pa makinawo, zingwe amaziyendera ntchito isanayambe, ndipo wokwera pa mbedza kapena m'chidebe cha katundu amachotsedwa ntchito tsiku lomwelo. Anthu ali ndi makwerero awo.

Madzulo, minibasi ikuthamanga mu msewu wa M1, maganizo anali pa sitolo yosanja imene ikumangidwa pamsika wa kwathu. Kumeneko kireni yake ndi polo wa bulugamu, gudumu lakale la njinga ndi chingwe cha nayiloni chothothoka chomwe anachilumikiza ndi mfundo pawiri. Wokoka ndi mnyamata amene ndinamuphunzitsa Physics mu Fomu 3, ndipo amaima pansi penipeni pa ndowa, atavala patapata. Ndi ine ndinamuphunzitsa za pulley pabolodi, koma zoti asamaime pansi pa katundu sindinamuuzepo. Ndowa ya malita 20 yodzaza konkire imalemera pafupifupi makilogalamu 48, kusiyana pang'ono ndi thumba la simenti. Itagwa kuchokera pa mamita 6, imafika pansi pa sekondi imodzi ndi pang'ono. Ndani angathawe? Kanjira kachidule ka ana athu a sukulu kamadutsa pomwepo.

Lamulo loteteza anthu pa ntchito tinalikhazikitsa mu 1997, ndipo silinena kuti limathera pa Kanengo.

Lolemba ndinakaonana ndi kapitawo wa pamalopo. Anandiseka: "Aphunzitsi, ife tamanga chonchi zaka zambiri, sitinaphepo munthu." Komabe anavomera kutseka kanjirako ndi mapolo awiri. Za chingwe chatsopano akuti tidikire eni sitolo akagulitsa soya.