Makina Amene Tinkawaopa ku Mungwi Road

Adzukulu anga, mumaseka ndikamati kale kompyuta inkakhala ndi chipinda chakechake. M'zaka za m'ma 1970 ndinali kalaliki wa malipiro pa fakitale ina ku Heavy Industrial Area, kufupi ndi Mungwi Road. Ndinkalawirira pa njinga kuchokera ku Kabwata. Mu ofesi munali mabuku akuluakulu, makina owonkhetsera opukusa ndi dzanja, ndi teleksi.

Kampani yathu sikanatha kugula kompyuta. Mwezi ukamatha tinkanyamula mabokosi a makadi obowola, khadi lililonse la mizere 80, n'kupita nawo kwa eni makina amene ankalipiritsa pa ola. Chipinda chawo ankachiziziritsa pofuna kusamala makinawo, ife tili pakhonde thukuta lili kamukamu. Khadi limodzi likasokonekera, fakitale yonse inkachedwa kulandira.

Sitinkadziwa kuti ku America Gordon Moore anali atanena kale mu 1965 kuti ma transistor okwana pa kachipu kamodzi azichuluka kawiri chaka ndi chaka. Mu 1975 anati zaka ziwiri zilizonse. Kachipu ka Intel 4004 ka mu 1971 kanali ndi 2,300. Ka m'foni yanuyo kali ndi mabiliyoni. Ma transistor akamachepa msinkhu amatuluka ambiri pa silikoni yemweyo, motero mtengo umagwa pamene mphamvu ikukwera.

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 kompyuta inafika pa desiki la bwana. Tikamaweruka tinkaifunditsa nsalu kuopa fumbi, ndipo wotumikira sankaloledwa ngakhale kuipukuta. Mu 1994 kampani ya Zamnet inabadwira ku yunivesite ya UNZA, intaneti n'kulowa m'Zambia kudzera pa waya wa telefoni. Mafoni a m'manja atayamba kuoneka, anali a mabwana a ku Kabulonga ndi ku Woodlands. Lero mnyamata amagula yakeyake yogwirapo kale ku Katondo Street, ndipo mayi wa tomato ku Soweto Market amalandira ndalama pafoni osaona khomo la banki.

Ine ndaona mtengo wa ufa ukuutsa zipolowe mu 1986 ndi mu 1990. Ndaona kwacha ikufooka mpaka boma linachotsa maziro atatu mu 2013. Lendi, simenti, mafuta, zonse zinangokwera. Chokhacho chimene chinatsika ndi makina aja tinkawaopa.

Komatu walira mvula walira matope. Ntchito imene tinkadzaza nayo ofesi inatsalira anthu awiri, anzanga ambiri n'kubwerera ku Chipata ndi ku Petauke. Ndipo mu 2024, madzi atachepa ku Kariba, owotcherera zitsulo ankangokhala tsiku lonse kudikira magetsi, mafoni amphamvu ali m'thumba. Ndiye phunzirani makinawa, ana inu, koma wina mwa inu aphunzirenso za magetsi ndi madzi, poti zimenezo sizinatsikepo mtengo.