Wailesi Ikayamba Kusasa Mau

M'caka ca 2024 mvula inasowa, madzi anacepa m'damu la Kariba, ndipo makomboni a Lusaka anali kukhala opanda magetsi maola ambiri pa tsiku. Ife a kuno ku Marapodi, pamodzi ndi anansi athu a ku Mandevu ndi ku Chaisa, tinabwerera ku mabatire monga m'masiku a makolo athu. Nkhani za pa wailesi, nyimbo za pa maliro, ngakhale cokuzira mau ca pa msonkhano wa mphakati, zonse zinadalira batire. Nkofunika tsono kuti tidziwe cimene cimacitika batire likayamba kutha, popeza ndi panthawi imeneyo pamene katundu wa banja amaonongeka.

Batire louma lija timagula pa kantemba limakhala ndi mphamvu ya 1.5 volts likakhala latsopano, motero wailesi ya mabatire anayi imayembekeza 6 volts. Batire likakalamba silithanso kupereka mphamvu yambiri panthawi imodzi. Koma mau okweza ndiwo amadya mphamvu. Ng'oma ikagunda m'nyimbo, mphamvu imagwa mwadzidzidzi, ndipo amplifaya, kacipangizo kamene kamakuza mau, kamalephera kulifikitsa liulo pamwamba, nkulidula nsonga. Kusasa kumene timamva kuja ndi kumeneku. Amene tinakula ndi makaseti tikumbukiranso kuti mota inali kuyenda mozengereza, woimba nkumamveka ngati wagwidwa ndi tulo.

Mau akayamba kusasa, dzanja la munthu limathamangira kukweza voliyumu. Apa mpamene pali ngozi. M'kati mwa sipika muli waya wopyapyala ngati tsitsi, wokulungidwa bwinobwino. Kawailesi ka m'manja kamangolira moipa cabe, koma pa cokuzira mau cacikulu mau odukadukawo amatenthetsa wayayo mpaka kupsa, makamaka m'tisipika tating'ono ta mau apamwamba. Akuluakulu ananena zoona kuti ng'oma yolira kwambiri sicedwa kung'ambika.

Batire la galimoto, limene mabanja ambiri amagwiritsa nchito m'nyumba, nalonso limavulala. Likadzaza limaonetsa pafupifupi 12.6 volts. Likafika pa 12 ndiye kuti lapita kale theka, ndipo pa 10.5 latheratu. Kulikama mpaka pamenepo kawirikawiri kumafupikitsa moyo wake, ndipo tonse tidziwa kuti mtengo wa batire lina si ndalama ya ndiwo.

Zipangizo zambiri za masiku ano zili ndi mlonda wake m'kati. Batire la lithium, longa la m'foni, limadzaza ca pa 4.2 volts, ndipo likatsikira ca pa 3, mlondayo amazimitsa cipangizo. Zina zimayamba zacepetsa mau kapena kulira kocenjeza. Zikatere ambiri amakwiya, nkuganiza kuti anagula cakufa, mwinanso kupempha wokonza mawailesi kuti alumphitse waya kuti nyimbo zisamaduke. Musatero. Kukhala cete kumeneko ndiko kumapulumutsa sipika ndi batire lomwe.

Tsono inu makolo, ndi inu acinyamata amene mumapatsidwa udindo wa zokuzira mau pa maliro ndi pa maukwati, gwirani izi. Mau akasasa, tsitsani voliyumu, ndipo cepetsani mau a pansi, pakuti ndiwo amameza mphamvu koposa. Musasakanize mabatire akale ndi atsopano. Otha muwacotse msanga, cifukwa amatuluka madzi amene amadya zitsulo za m'kati. Kuwayanika padzuwa kapena kuwatswanya ndi mwala kumangopereka mphindi zocepa cabe. Batire la galimoto lichajeni madzulo a dzulo lake, ndipo waya wopita ku amplifaya ukhale waufupi ndi wonenepa.

Anthu amene abwera kudzalira nafe adzamva bwino mau otsika koma omveka, kuposa phokoso limene lidzafera pakati pa mwambo.