Ng'oma Zikulira pa Chonde, Nanga Chilomwe Chili Kuti?

Mwezi wa Okutobala ukaoneka, ife okhala m'tsinde mwa phiri la Chambe timadziŵa kuti ulendo wa ku Chonde wayandikira. Kumeneko, m'boma lathu lomwe lino la Mulanje, kumasonkhana namtindi wa anthu pa chikondwerero cha Mulhako wa Alhomwe, bungwe limene linakhazikitsidwa mu 2007 motsogozedwa ndi malemu Bingu wa Mutharika. Mau akuti mulhako atanthauza khomo. Pa khomo limeneli amaloŵerapo mafumu, anthu ophunzira, atolankhani ndi andale. Amaloŵeraponso ana athu, atanyamula ng'oma ndi zovala za gule. Timadya kalongonda ndi makaka, timaonera tchopa, ndipo madzulo timabwerera kwathu mitima itadzala.

Koma pali kanthu kamene kamatitsata m'njira yobwerera. Mnyamata amene wavina tchopa mpaka fumbi koboo, mukampatsa moni m'Chilomwe amangoseka mwamanyazi, nayankha m'Chicheŵa. Nyimbo waiimba bwino lomwe, koma mukamfunsa tanthauzo lake, aloza kwa agogo. Ndipo agogowo chaka ndi chaka akucheperachepera.

Kuti timvetse chimene chinatifikitsa pamenepa, tiyenera kukumbukira m'mene makolo athu anadzera. Kuyambira m'zaka za m'ma 1890 kufikira cha m'ma 1930, Alomwe ambiri anaoloka malire kuchokera ku Mozambique, pothaŵa misonkho ndi ntchito yokakamiza ya Apwitikizi. Kuno anapeza malo m'minda ya azungu ya ku Mulanje ndi ku Thyolo, nalipira malowo ndi thukuta la thangata. Anthu anaŵatcha Anguru, dzina limene linkanenedwa monyoza. Mlendo wonyozedwa amabisa lilime lake, ndipo makolo ambiri anaganiza kuti mwana wolankhula Chinyanja adzayenda bwino pa sukulu ndi pa ntchito. Sanachite zimenezi chifukwa chodana ndi mtundu wawo ai. Anachita pofunira ana awo mtendere. Pamene Chicheŵa chinasankhidwa kukhala chilankhulo cha fuko mu 1968, Chilomwe chinali chitayamba kale kuzilala m'makomo ambiri.

Si onse amene anagonja. Lewis Mataka Bandawe, mwana wa Blantyre Mission, anagwira ntchito zaka zambiri pa Mihecani ku Mozambique, malo amene anatsegulidwa mu 1913, ndipo anatembenuza Chipangano Chatsopano m'Chilomwe. Mu 1943 anatsogolera bungwe la Alomwe limene linapempha boma la atsamunda kuti dzina lonyoza lija lileke, ndipo boma linamvera. Lero kalembera wa 2018 akuonetsa kuti Alomwe ndi mtundu wachiŵiri kukula m'Malaŵi, pafupifupi anthu 19 pa 100 alionse. Mu 2014 bungwe la UNESCO linalemba gule wa tchopa m'kaundula wa chuma cha miyambo ya anthu a pa dziko lonse. Dzina tinalitenganso, gule tinamtenganso, koma chilankhulo chikadali panja.

Pali mtundu wina kutali ku Ulaya umene unayenda njira yofanana ndi yathuyi, ndiwo anthu a ku Ireland. Njala yaikulu ya 1845 mpaka 1852 inapha anthu pafupifupi 1 miliyoni, ndipo ena ochuluka chomwecho anasamukira maiko ena. Ambiri mwa ovutikawo anali osauka olankhula chilankhulo cha makolo cha Gaelic. Otsalawo anayamba kuona chilankhulocho ngati chizindikiro cha umphaŵi, naphunzitsa ana awo Chingelezi. Mu 1893 Douglas Hyde, mwana wa mbusa, pamodzi ndi anzake anayambitsa bungwe la Conradh na Gaeilge kuti achitsitsimutse. Munthu yemweyu anadzakhala pulezidenti woyamba wa dzikolo mu 1938.

Pa nkhani ya zikondwerero anthu aŵa ndi akatswiri. Kuyambira mu 1951, pamene unachitika koyamba mu mzinda wa Mullingar, msonkhano wa nyimbo wa Fleadh Cheoil umakokera pamodzi oimba achinyamata, amene amapikisana monga mwa misinkhu yawo. Kuyambiranso mu 1981, pa mudzi wa Glenties pamakumana anthu ophunzira, atolankhani ndi othirira ndemanga pa zochitika, mu msonkhano wa MacGill Summer School, kukambirana za tsogolo la dziko lawo. Nyimbo zawo zamakolo zinauka ndithu, ndipo zimveka m'maiko ambiri. Chilankhulo nacho chimaphunzitsidwa m'masukulu. Komabe kalembera wa 2022 anapeza kuti, mwa anthu oposa 5 miliyoni, osafika 72,000 ndiwo amachilankhula tsiku ndi tsiku kunja kwa sukulu. Ngati iwo, ndi ndalama zawo ndi mabuku awo, afika pokhapo patapita zaka zoposa 100, ife tingayembekezere chiyani kwa tsiku limodzi la pa Chonde?

Sitikunyoza chikondwerero. Chinatichotsera manyazi, ndipo ameneyo ndi mankhwala oyamba. Tingakondwe anthu ophunzira a ku Zomba atabwera ndi timabuku ta ana ta Chilomwe, atolankhani atafunsako nkhalamba za m'midzi m'malo molemba mau a andale okhaokha, ndipo oimba achinyamata atapikisana pofotokoza tanthauzo la nyimbo imene aimba. Koma gule amaphunzirika pa masabata oŵerengeka, pamene chilankhulo chimayamwidwa pamodzi ndi bere. Chimakula pa mtondo, pa chitsime, ndi pa mkeka madzulo anthu atadya.

Tsono, makolo anzathu, ntchitoyi ili m'manja mwathu. Amene tikudziŵa mau makumi aŵiri okha, tiŵapereke omwewo. Pomtuma mwana madzi, nkhuni kapena mchere, timtume m'Chilomwe. Agogo akadzacheza, tisaŵadule mau poopa kuti ana sakumva. Kumva kumayamba ndi kusamva. Kuwongola mtengo mpoyamba.

Inunso achinyamata, foni imene muli nayo m'thumba ikhoza kusunga mau. Khalani pansi ndi agogo anu, muŵafunse maina a mbalame, a mbewu ndi a mitsinje yotsika m'phiri, nthano za kalekale, ndi njira imene makolo awo anadzera pochokera kutsidya. Jambulani, lembani, ndipo mubwereze mpaka lilime lizoloŵere. Chicheŵa ndi Chingelezi sizidzakuthaŵani chifukwa cha ichi, pakuti m'kamwa mwa munthu mmodzi mumakwana zilankhulo zambiri.

Phiri la Chambe lidzakhalapo ife titapita, ndipo alendo adzapitiriza kukwera thanthwe lake lalitali. Agogo athu alibe masiku ochuluka chotero. Amene ali nawo pakhomo lero, asadikire Okutobala.